Siwa, Mzinda wa M'chipululu Umene Ukumira ndi Madzi Ake Omwe

Ku Siwa, mzinda waung'ono wa kumadzulo kwa dziko la Egypt, mvula ya chaka chathunthu imangokwana mamilimita pafupifupi 10, ndipo zaka zina sikugwa ngakhale dontho. Mvula yotere kuno kwathu imatha kugwa yonse masana amodzi a mu Januwale, anthu osaitchula n'komwe. Mbali zonse za mzindawu n'chipululu cha Sahara, ndipo mtsinje wa Nile, umene umamwetsa pafupifupi anthu onse a m'dzikolo, uli kutali makilomita mazana angapo. Womva izi angayembekezere kuti alimi a ku Siwa amalira ludzu. Koma dandaulo lawo lalikulu kwa zaka makumi angapo tsopano ndi loti madzi achuluka. Minda ina yasanduka zithaphwi, nthaka yayera mbee ndi mchere, ndipo nyanja zamchere za m'mbali mwa mzindawu zakhala zikufutukuka n'kumameza mitengo imene anabzala agogo a eni mindayo. Zimenezi si tsoka lakugwa kumwamba ayi. Ku Siwa kwakhala anthu zaka zoposa 2,500 chifukwa madzi otumphuka pansi anali ndi malire, ndipo anthuwo anaphunzira kukhala mkati mwa malirewo. Makina oboola nthaka atachotsa malire amene chilengedwe chinaika, panalibe lamulo lokhwima lolowa m'malo mwake, ndipo kumira kwa minda kunayambira pamenepo.

Siwa ali m'chidikha chachikulu, chotalika makilomita pafupifupi 80, chimene m'lifupi mwake chimafika makilomita 20 pamene chatambasuka kwambiri. Malire a dziko la Libya ali pa mtunda wa makilomita 50 okha chakumadzulo, ndipo tauni ya Marsa Matruh, ya m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ili makilomita pafupifupi 300 kumpoto chakum'mawa. Kumpoto kwa chidikhachi kuli chikweza cha miyala yokhayokha; kummwera kuli milu ya mchenga yopitirira makilomita mazanamazana. Chofunika kuchigwira bwino n'chakuti pansi pa chidikhachi n'potsika ndi mamita pafupifupi 18 poyerekeza ndi pamwamba pa madzi a Mediterranean. Kutsikako n'kumene kumabweretsa madzi. Pansi pa chipululu cha kum'mawa kwa Sahara pali miyala yamchenga yosunga madzi, yoyala dera loposa masikweya kilomita 2 miliyoni pansi pa mayiko anayi: Egypt, Libya, Sudan ndi Chad. Madziwo ndi a mvula imene inagwa zaka zikwizikwi zapitazo, Sahara akadali dziko la udzu ndi nyama, ndipo mvula ya masiku ano siwabwezeretsa. Ali opanikizika pansi pa miyala, choncho akapeza mng'alu pamalo otsika amakwera okha, popanda pampu. Umu ndi mmene anabadwira akasupe pafupifupi 200 a ku Siwa, ena ofunda, ena ozizira. Wodziwika kwambiri ndi Ain Juba, amene alendo amamutcha dziwe la Cleopatra: dziwe lozungulira, lomangidwa ndi miyala m'mbali, la madzi oyera moti timathovu timaoneka tikukwera kuchokera pansi.

Kutsika komweko n'kumenenso kumawatsekera madziwo njira. Akatumphuka ku Siwa alibe kolowera, pakuti madzi sakwera chitunda ndipo kulibe mtsinje wowatengera kunyanja yaikulu. Otsala pothirira amatsetsereka m'ngalande kukathera m'nyanja za m'chidikha momwemo: Birket Siwa ndi Maraqi chakumadzulo, Aghurmi ndi Zaytun chakum'mawa. Khomo lokhalo lotulukira ndi dzuwa. Amene amaidziwa nyanja ya Chilwa amvetsa msanga, chifukwa nayonso ilibe mtsinje wotulukamo. Madzi ake ali ndi kamchere, ndipo imakula kapena kuphwa malinga ndi kuchuluka kwa madzi olowa. Kusiyana kwake n'kwakuti Chilwa amadalira mvula, imene palibe munthu angailamule, pamene ku Siwa olowetsa madzi ndi anthu eniake. Ndipo dzuwa limamwa madzi okha, mchere limausiya, monga umatsalira pansi pa mphika msuzi ukaphwera pamoto. Kwa zaka mazanamazana, madzi amene akasupe ankatulutsa sankaposa kwenikweni amene mitengo ndi dzuwa zinkamwa. Sikuti kunalibiretu vuto, pakuti zithaphwi zinalipo ndipo malungo ankasautsa kwambiri, koma nyanja zinkakula m'nyengo yozizira n'kubwerera m'nyengo yotentha, minda n'kutsala pouma.

Munda wa ku Siwa ndi wosanjikizana katatu. Pamwamba penipeni pali kanjedza wobala tende, chipatso chotsekemera chija Asilamu ambiri amamasulira nacho kusala m'mwezi wa Ramadan. Ndi m'bale wa kanjedza wa m'madambo mwathu, koma iyeyu ndi wamtali, wa zipatso zikuluzikulu. Masamba ake amaswa ukali wa dzuwa, limene mu Julayi ndi Ogasiti limatentha mpaka madigiri 40. Mumthunzi mwake muli mitengo ya azitona, makangaza, nkhuyu, mphesa ndi mandimu. Pansi penipeni, m'timabedi tozingidwa ndi timizere ta dothi, muli msipu wa ziweto ndi ndiwo zamasamba, ndipo Mmalawi atalowamo angazindikire zina: denje, amene anthu a ku Egypt amaphikira therere lawo lotchuka la molokhia, ndi chidede, chimene amaumitsa n'kupangira chakumwa chofiira. Mpanda ndi wa masamba ouma a kanjedza yemweyo, wotchinga mphepo yonyamula mchenga. Madzi a ngalande imodzi amamwetsa zonse zitatu, ndipo mthunzi wa mtengo wapamwamba umachititsa kuti chinyontho chisathe msanga pansi. Mu 2016 bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linaika ulimi wa tende wa ku Siwa m'kaundula wa njira zamakolo za ulimi zofunika ku dziko lonse. Ulemuwo ndi woyenera, koma kaundula sachotsa mchere m'munda.

Tende sabwera mwaulere. Kanjedza ali ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi, ndipo mlimi sangataye madzi pa yaimuna yambiri imene sibala. Umodzi umakwanira yaikazi makumi angapo. Choncho maluwa akatuluka, cha mu Malichi, munthu amakwera mtengo uliwonse wautaliwo, akupewa minga zakuthwa za patsinde pa masamba, n'kulowetsa tinthambi ta maluwa aamuna pakati pa tsango la maluwa aakazi, kenako n'kumanga kuti tisagwe. Adzakweranso kukasamalira matsango akamalemera, adzakweranso kukakolola cha mu Okutobala, nthawi imene azitona nawonso ayamba kuthyoledwa. Mbande sizichokera ku njere koma ku mphukira za patsinde pa mtengo wodziwika kubala bwino, ndipo zimatha zaka zinayi kapena kuposerapo zisanayambe kubereka. Ku Siwa kuli mitengo ya kanjedza yoposa 200,000, ndipo mitundu ya Saidi ndi Frihi ndiyo yodziwika pamsika. Palibe chotayidwa pa mtengowu: thunthu ndilo mitanda ya denga, ndodo za masamba ndizo makreti ndi mipando, ulusi wake ndiwo zingwe, timasamba ndito madengu ndi mphasa, ndipo kumutu kwake amagomako uchema umene amautcha lagbi. Kale amalonda a ngamila odutsa pakati pa chigwa cha Nile ndi Libya ankaima pano kudzagula tende, chakudya chosaola msanga paulendo. Ndatchula zonsezi kuti tione kukula kwa chimene chimatayika mtengo umodzi ukafa ndi mchere. Chimanga chikalephera mumabzalanso chaka chamawa. Munda wa kanjedza ukauma, banja lataya ntchito ya mibadwo iwiri.

Nanga madzi ankagawana motani? Kasupe aliyense anali ndi minda yake, gulu la minda limene amalitcha hatiya. Gawo la munthu silinkayezedwa ndi ndowa koma ndi nthawi. Usana ndi usiku zinkadulidwa m'zigawo, ndipo mwini munda ankadziwa tsiku ndi nthawi yotsegulira ngalande yake, ndiponso nthawi yotseka kuti madzi apite kwa mnzake. Magawowa ankalembedwa, panali munthu woikidwa kuwayang'anira, ndipo milandu inkaweruzidwa ndi akuluakulu a mafuko a mumzindamo potsata malamulo amakolo. Chimene chinkapatsa mphamvu dongosololi n'chakuti woba madzi ankabera mnansi wodziwika dzina ndi nkhope, amene mbewu zake zifota mawa lomwelo, ndipo nkhani ifika kubwalo dzuwa lisanalowe. Komanso panalibe amene akanakuza munda mwa kufuna kwake, chifukwa kasupe satulutsa madzi owonjezera poona khama la munthu. Malire a minda anali malire a akasupe. Anthu a ku Siwa sanali oyera mtima kuposa anzawo. Ankangokhala pamalo amene dyera linalibe pogwira.

Mbiri ya malowa ndi yaitali, koma mbali imene ikutikhudza ndi yoti mudzi wa m'chipululu umatha kukula, kufota, ngakhale kufa kumene. M'zaka za m'ma 500 Yesu asanabadwe, pathanthwe la Aghurmi panamangidwa kachisi wa mulungu Amun, kumene mafumu ndi akazembe ankatumiza anthu kukaombeza. Herodotus, wolemba mbiri wachigiriki, anasimba kuti mfumu Cambyses ya ku Persia inatumiza asilikali 50,000 kukawononga malowa ndipo onse anakwiririka ndi mchenga panjira. Mu 331 Yesu asanabadwe, Alexander Wamkulu anadutsa chipululu kudzafunsira kwa ansembe a kachisiyu. Komabe patapita zaka zambiri, mbiri yolembedwa ndi eni mzindawo imati Siwa anafota mpaka kutsala amuna 40 okha, ndipo ndiwo anamanga mudzi wa malinga wa Shali cha mu 1203 pothawa achifwamba. Kum'mawa kwa Siwa kuli malo ena a madzi, monga Areg ndi Bahrein, kumene kuli manda akale osemedwa m'miyala koma lero kulibe mudzi. Shali anamangidwa ndi kershef, zibuma za mchere wa m'mbali mwa nyanja zosakaniza ndi dothi, nyumba zosanjikizana mothithikana, zozizira masana ndi zofunda usiku. Mu 1926 kunagwa mvula masiku atatu, chinthu chosowa kwambiri kumeneko, ndipo makoma amcherewo anasungunuka, anthu n'kuyamba kusamukira kunja kwa malinga. Anthu a ku Siwa anaona ndi maso awo chaka chimenecho kuti kwawoko madzi ochuluka amagwetsa nyumba.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi msewu. Ngakhale kuti Muhammad Ali, wolamulira Egypt, anagonjetsa Siwa mu 1820, mzindawu unakhalabe pawokha mpaka m'zaka za m'ma 1980, pamene msewu wa tala wochokera ku Marsa Matruh unatha kumangidwa. Ulendo umene ngamila zinkayenda sabata yathunthu unasanduka wa maola ochepa pagalimoto. Tende ndi azitona zinapeza msika waukulu ku Alexandria ndi Cairo, mitengo yogulitsira inakwera, ndipo aliyense anafuna munda wokulirapo. Anthu nawo anachuluka: m'zaka za m'ma 1960 analipo pafupifupi 5,000, lero aposa 30,000, kuphatikizapo obwera kuchokera kuchigwa cha Nile. Munda watsopano unkafuna madzi atsopano, ndipo njira inali yapafupi. Ukaboola mwala wa pansi, madzi amakwera okha. Zitsime zoterozo zinakumbidwa zoposa 1,000, zambiri popanda chilolezo, zopanda mapaipi oyenera ndiponso zopanda chotsekera. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mjigo wathu umatulutsa madzi pokhapokha munthu akupopa. Chitsime cha ku Siwa chopanda chotsekera chimatuluka usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja, mbewu zikufuna madzi kapena ayi. M'miyezi yozizira, pamene mitengo imamwa pang'ono ndipo dzuwa lafooka, madzi ambiri amangodutsa m'munda kupita kunyanja.

Paja amati madzi saiwala khwawa. Onse otayikawo amalondola kumunsi, nyanja n'kukwera, ndipo madzi a pansi pa nthaka amakwera nayo limodzi mpaka kufika pamizu. Akayandikira pamwamba, dzuwa limawakoka kudutsa m'dothi, iwo n'kuuma, mchere n'kutsala. Imfa ya munda imayambira pansi kukwera m'mwamba, motsata kusanjikizana kuja. Ndiwo zamasamba ndizo zimayamba kukana. Kenako azitona amachita chikasu, nthambi n'kumauma. Kanjedza, amene amapirira mchere kuposa mitengo yambiri, amalimbikira zaka zingapo akubala zochepa, mpaka amatsala chiimire m'madzi, mutu utagwa. Mankhwala odziwika a nthaka yamchere ndi kuitsuka ndi madzi ambiri kuti mcherewo utsike, koma kutsukako kumafuna kotayira, ndipo ku Siwa kotayirako ndi kunyanja komweko kumene kwadzaza kale. Pamwamba pa izi, kutapa mopyola muyezo kumafooketsa akasupe akale ndi kuwonjezera mchere m'madzi a miyala ya pamwamba, amene ngakhale kale sanali okoma ngati a pansi penipeni. Chondipweteka kwambiri n'chakuti wolakwa ndi wolangidwa ndi anthu awiri osiyana. Wokumba chitsime chatsopano nthawi zambiri ali kumtunda, m'mphepete mwa chipululu, kumene nthaka n'njouma. Womira ndi mwini munda wakale wa kumunsi, pafupi ndi nyanja. Madzi amuphera mitengo sadziwika kuti achokera m'chitsime cha yani, choncho alibe womusumira kubwalo.

Ena amati nkhawayi n'njokokomeza, popeza nkhokwe ya madzi ya pansi pa Sahara ndi imodzi mwa zikuluzikulu padziko lonse, ndipo dziko la Libya lakhala likupopa madzi omwewo kudzera m'mapaipi akuluakulu kupita nawo ku Tripoli ndi Benghazi. Kamzinda ka anthu 30,000 kangaimalize? Zoona, sikangaimalize posachedwa. Koma funso limeneli laphonya pamene pali bala. Siwa sadzafa chifukwa nkhokwe yauma. Adzafa chifukwa chidikha chadzaza. Muyezo woyenera kuuyang'ana si kuchuluka kwa madzi amene ali pansi, koma kuchuluka kwa amene mitengo ndi dzuwa zingachotse pamwamba chaka chilichonse, ndipo muyezo umenewo sukula ngakhale nkhokwe ikule chotani. Tisaiwalenso kuti chimene chimakweza madzi popanda pampu ndi kupanikizika kwawo, ndipo kumeneko kumachepa nthawi yaitali madziwo asanathe. Tsiku limene adzaleke kukwera okha, wolemera adzagula pampu ndi mafuta, wosauka adzagulitsa munda.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, ndipo sindikufuna kuchipeputsa. Anthu achuluka kasanu ndi kamodzi. Akasupe akale sangadyetse onsewa. Kodi mnyamata wopanda gawo pa kasupe wa makolo auzidwe kuti akhale manja lende pofuna kusunga dongosolo lakale? Ndipo dongosolo lakalelo linali ndi nkhanza zake. Ntchito yokwera mitengo ndi kukumba ngalande inkagwiridwa ndi azaggala, anyamata osauka amene ankagona kunja kwa malinga kulondera mudzi ndipo sankaloledwa kukwatira mpaka atakula ndithu, cha m'ma 40. Mzinda unali wogawanika pakati pa a Kum'mawa ndi a Kumadzulo, amene ankamenyana mpaka kukhetsa magazi. Wolira masiku amenewo aziwalira akudziwa zimenezi. Chitsime chatsopano chinapatsa munda anthu amene makolo awo analibe, ndipo chimenecho n'chabwino. Yankho langa n'lakuti chofunika kutengako kwa makolo si mtundu wa ulamuliro wawo koma mfundo ziwiri: madzi aziyezedwa, ndipo pakhale wina woyankha akatayika. Mfundozi sizitsekera wosauka njira. Gawo lalikulu la madzi amene akumiza Siwa silimwedwa ndi mbewu iliyonse. Limangotayika usiku ndi m'nyengo yozizira. Kuika chotsekera pa chitsime sikuchotsa nsima pakamwa pa mwini wake. Ndipo kusowa lamulo sikunathandize osauka koposa, chifukwa amene angathe kubweretsa makina oboola mozama ndi kutsegula mahekitala ambiri nthawi imodzi ndi a ndalama, ambiri mwa iwo ochokera kunja kwa mzindawo.

Palinso onena kuti ulimi ndi wadzulo, chuma cha Siwa cha mawa chili kwina. Makampani angapo amathira m'mabotolo madzi okoma a m'zitsime zakuya pafupifupi mamita 1,000 n'kumagulitsa m'dziko lonse la Egypt. Mchere umakumbidwa ndi makatapila n'kutumizidwa kunja, kumene wina amakauwaza m'misewu kuti usungunule madzi oundana m'nyengo yachisanu. Alendo amabwera kudzayandama m'maiwe amchere obiriwira, kudzajambula zithunzi za pa Instagram, kudzaona Shali amene mbali yake inakonzedwanso ndi thandizo la European Union n'kutsegulidwa mu 2020, ndipo m'miyezi yotentha odwala nyamakazi amadzakwiriridwa mumchenga wotentha paphiri la Dakrur. Ndalama zimenezi n'zenizeni. Koma taonani kumene zimathera. Fakitale ya madzi imalemba anthu ochepa ndipo phindu lake limapita kwa eni ake kutali. Mgodi wa mchere umasiya maenje ndi misewu yophwanyika ndi malole. Zokopa alendo zimatha kuzima mwadzidzidzi, monga zinachitikira ku Egypt pambuyo pa zipolowe za ndale za mu 2011, makamaka kumalo oyandikana ndi Libya ngati ano. Munda ndiwo wokha umene phindu lake limalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse. Ndipo mlendo amene wayenda makilomita 300 m'chipululu chopanda mtengo amadzera kubiriwira kwa kanjedza. Mchere ndi mchenga wazisiya zambiri m'njira.

Chikhalidwe cha anthuwa nachonso chamera m'munda momwemo. A ku Siwa ndi a mtundu wa Amazigh, abale a anthu a kumapiri a Morocco ndi Algeria, ndipo Siwa ndiye malekezero a kum'mawa a zilankhulo za mtunduwu. Chisiwi chimalankhulidwa kunyumba ndi kumunda, pamene sukulu, ofesi ndi wailesi yakanema zili m'Chiarabu. Chilankhulo chotere chimakhala ndi moyo pamene pali ntchito yochigwirira; ana akasiya minda kupita kukagwira ntchito m'mahotela ndi m'mizinda ya m'mbali mwa Nile, chidzatsalira agogo. Amayi, amene akakwatiwa amafunda nsalu yabuluu ya tarfutet potuluka panja, amapeta zovala zaukwati ndi ulusi wobiriwira, wachikasu, wofiirira, wofiira ndi wakuda, mitundu imene tende amadutsamo akamapsa. Chikondwerero chachikulu cha mzindawu, Siyaha, chimachitika masiku atatu mwezi ukakhala wathunthu mu Okutobala, m'nyengo yokolola. Amuna ndi ana amasonkhana paphiri la Dakrur, amaphika pamodzi, amadyera m'mbale zikuluzikulu olemera ndi osauka osasankhana, amapemphera usiku, ndipo amene anayambana m'chakacho amayanjanitsidwa. Mwambowu umakumbutsa kutha kwa udani wa a Kum'mawa ndi a Kumadzulo. Anthu omwera kasupe mmodzi sangakwanitse kusungirana chakukhosi chaka ndi chaka, pakuti mawa lake ayenera kupatsirana ngalande.

Boma la Egypt silinakhale chete. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 unduna woona za madzi wakhala ukutseka zitsime zokumbidwa mwachisawawa n'kuika m'malo mwake zochepa zokhala ndi zotsekera, kuwaka ngalande ndi simenti, ndi kulimbitsa zipupa za m'mbali mwa nyanja. M'zaka zaposachedwa lakumba ngalande yotalika makilomita oposa 30 yotengera madzi otsala kuchidikha china cha kum'mawa. Ntchitoyi n'njofunika, ndipo alimi a kumunsi akuyenera kupumako. Koma madzi ochokera pamalo otsika chotere amatuluka ndi mapampu, mapampu amadya magetsi ndi ndalama chaka ndi chaka, ndipo ngalande yodutsa mumchenga imafuna kufukulidwa kosalekeza. Choopsa china n'chakuti khomo lotulukira likapezeka, anthu amaona ngati tsopano akhoza kulowetsa madzi mmene angafunire, ndipo boma lomwelo lakhala likulimbikitsa kutsegula minda ikuluikulu m'chipululu, kuphatikizapo chakum'mawa kwa Siwa. Kupopa madzi osabwereranso kuchokera pansi, kuwathira mchere, kenako kulipira kuti akatayidwe kuchipululu, ndi kuluza kawiri. Dontho lotsika mtengo kuposa onse ndi limene silinatulutsidwe n'komwe. Chifukwa chake chitsime chilichonse cha ku Siwa chikhale ndi chotsekera ndi mita, alimi a kasupe kapena chitsime chimodzi apatsidwe mphamvu zenizeni zolanga wotaya madzi monga zinalili ndi akuluakulu akale, ndipo kampani kapena munthu wofuna kuboola chitsime chatsopano asapatsidwe chilolezo asanaonetse kumene madzi ake otsala adzapite ndi amene adzalipire munda wa kumunsi ukamira.